Kakonzedwe ka ndandanda ya ntchito pa makina a CNC odzilowetsera okha mapaleti

Malangizo awa ndi a kapitawo kapena wokonza ndandanda amene akuyang'anira gulu la makina osema zitsulo lokhala ndi zinthu izi: makina awiri kapena atatu a CNC (oyendetsedwa ndi kompyuta) a spindle yogona (spindle ndi chigawo chogwira ndi kuzunguza mpeni wodulira), lathe imodzi (makina ozunguza chitsulo pochisema), shelefu yaitali yosungira mapaleti (matebulo osunthika omangirapo zitsulo zoti zisemedwe), loboti yoyenda pa njanji yonyamula mapaletiwo, malo awiri omangira zitsulo pa paleti, makina otsukira, ndi makina oyezera a CMM. Amisiri amalitchula gulu lotere kuti FMS. Si zadzulo ayi. Kampani ya Molins ku London inayesa kale zimenezi m'zaka za m'ma 1960 ndi System 24, yomwe anakonza Theo Williamson, ndipo cholinga chinali chomwechi cha lero, chakuti makina azidula maola 24 anthu atagwira shifiti imodzi yokha.

Makina otere akaima, nthawi zambiri ntchito imakhala ilipo yambirimbiri. Chimene chawaimitsa ndi kanthu kakang'ono: tap (mpeni wodula mazinga a bawuti m'bowo) imodzi ya saizi ya M8 yatha moyo ndipo ya m'malo mwake mulibe m'magazini (mosungira mipeni m'makinamo), chomangira (chogwirira chitsulo pa paleti) chimene mukufuna chili pa paleti ina, kapena pisi yoyamba ikudikira pa mzere wa CMM. Choncho ndandanda yowerengera maola a spindle okha imakongola pa kompyuta, koma Lachiwiri lisanafike imakhala itasokonekera kale. Ndandanda yoyenda bwino imawerengera pamodzi makina, mipeni, zomangira, mapaleti ndi anthu.

Gawo 1: Pezani nthawi zenizeni

Musatenge nthawi imene pulogalamu ya CAM, yolembera njira ya mpeni pa kompyuta, yalosera. Kawirikawiri imakhala yochepa, chifukwa mwina sinawerengere kusintha mipeni, kutembenuka kwa tebulo, kuyeza ndi probe (kachipangizo koyezera pisi ili m'makina), ndi kusinthana kwa mapaleti. Ngati pulogalamu imasintha mipeni ka 22 ndipo kusintha kulikonse kumadya masekondi 5, apo patha kale masekondi 110 mpeni usanakhudze chitsulo. Nthawi yoona ili m'kontirola, kompyuta yoyendetsa makinawo. Kaya ndi Fanuc, Siemens kapena Heidenhain, imasunga nthawi imene pulogalamu yayenda. Tengani ya mapaleti asanu kapena khumi otsatizana, mupeze pakati pake, mulembenso yaitali kwambiri mwa izo.

Pa ntchito iliyonse lembani nthawi yotchera makina, mphindi za paleti imodzi mkati mwa makina, mapisi angati amakwera pa paleti imodzi, ndi mphindi zomasula ndi kumanganso paletiyo. Tiyerekeze oda ya mapisi 120, anayi pa paleti, mphindi 56 paleti iliyonse. Ndiye kuti paleti ilowa ka 30, zomwe ndi mphindi 1,680, kapena maola 28. Mukaonjeza ola limodzi ndi theka lotchera ndi kuyeza pisi yoyamba, makina agwira maola 29.5.

Apa m'pamene ambiri amapusitsika. Maola 29.5 ndi katundu wa makina, si nthawi imene odayo ithere. Ngati chomangira cha ntchitoyo ndi chimodzi chokha, paleti ikatuluka iyenera kupita pomangira, imasulidwe, ipukutidwe, imangidwenso, kenako ibwerere. Tinene kuti kumanga kumatenga mphindi 15 ndipo ulendo wopita ndi kubwera ndi mphindi 4. Kuzungulira konse ndi mphindi 75, ndipo ka 30 ndi maola 37.5, kupatula kutchera. Kasitomala muyenera kumulonjeza potengera 37.5. M'mphindi 19 zimene paletiyo ili kunja, makina ayenera kupatsidwa paleti ya ntchito ina, apo ayi angokhala. Paleti ya ntchito inayo ikakhala yotalika kuposa mphindi 19, oda yanu idikiranso, ndiye tsiku lolonjeza lisunthe pang'ono kutsogolo. N'chifukwa chake kupanga chomangira chachiwiri cha ntchito imene imabwerabwera kumafulumizitsa zinthu kuposa kukweza liwiro la mpeni.

Gawo 2: Pezani pothina

Werengani maola amene chinthu chilichonse chili nawo pa sabata. Mashifiti awiri a maola 8 kwa masiku 5 ndi maola 80. Ngati makina amatsala okha usiku, onjezani maolawo pokhapokha ngati mapaleti omangidwa alipo okwanira kuwadzaza, nkhani imene tiibwerera pa Gawo 6. Chotsanipo nthawi yotenthetsa spindle m'mawa, yosamalira makina, yotsuka thanki ya madzi oziziritsa.

Kenako phatikizani katundu wa maoda onse pa chinthu chilichonse, osati pa makina odula okha. Malo omangira ali ndi maola ake, makina otsukira ali ndi ake, CMM ili ndi ake, munthu woyeza utali wa mipeni pa presetter alinso ndi ake. Gawani katundu ndi maola opezeka. Chimene chatuluka ndi nambala yaikulu kwambiri ndiye pothina panu, ndipo sizachilendo kupeza kuti pothina si makina a mtengo wapatali aja koma CMM imodzi yokhala ndi woyendetsa mmodzi wa shifiti ya masana.

Pothinapo musapadzaze mpaka pakamwa. Masamu a mizere yodikira, amene John Kingman analemba mu 1961, amasonyeza kuti nthawi yodikira imakula motsatira gawo la kutanganidwa mutaligawa ndi gawo lopuma. Makina otanganidwa 80 peresenti amapereka 80 kugawa ndi 20, yomwe ndi 4. Pa 90 peresenti ndi 9. Pa 95 peresenti ndi 19. Kuchoka pa 80 kufika pa 95 mwaonjeza ntchito pang'ono chabe, koma kudikira kwakula pafupifupi kasanu. Ife timalangiza kuti pokonza ndandanda ya sabata muziikapo 80 mpaka 85 peresenti ya maola a pothina. Otsalawo sadzatayika, adzadyedwa ndi mpeni wothyoka, pisi yobwereza ndi oda yadzidzidzi.

Makina ena onse aziyendera pothinapo. Ngati lathe ikutha kutulutsa mapisi 50 pa shifiti koma makina otsatira amangotha 35, lathe ipange 35 basi, nthawi yotsalayo ichite zina. Mapisi 15 oonjezerawo si phindu, ndi mulu wodzaza malo.

Gawo 3: Tsekani chipata

Oda isalowe m'ndandanda ya tsiku zinthu izi zisanakwane: chitsulo chafika ndipo chadulidwa kale m'misinkhu yake, chojambula ndi chomaliza, cha nambala yofanana ndi ya pa pulogalamu, pulogalamu ili m'makina, mipeni yonse yamangidwa m'zogwirira zake ndipo yayezedwa, chomangira chilipo ndipo sichili pa ntchito ina, zoyezera monga ma gauge ndi pulogalamu ya CMM zakonzeka. Chimodzi chikasowa, odayo idikire kunja. Ikalowa yosakwana idzagwira paleti, idzadzaza mabowo a m'magazini, kenako idzaima pakati, ndipo kuichotsa kudzadya nthawi yofanana ndi kuitchera.

Ikaninso malire a maoda amene angakhale mkati nthawi imodzi. Lamulo la Little ndi lapafupi: nthawi imene oda imakhala m'fakitale ndi chiwerengero cha maoda ali mkati mutachigawa ndi chiwerengero cha omwe amatha pa sabata. Maoda 60 ali mkati, mukutsiriza 15 pa sabata, ndiye kuti oda iliyonse ikhala masabata 4. Mukalola 30 okha, ikhala masabata 2, bola pothina pasasowe ntchito. Musatsitse kamodzi n'kamodzi. Chotsani pang'onopang'ono mpaka mutaona kuti pothina payamba kudikira, kenako mubwezere pang'ono.

Gawo 4: Sankhani chotsogola

Tsopano muli ndi maoda okonzeka, ndipo funso ndi lakuti iyambe ndi iti. Pali malamulo atatu amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri, ndipo lililonse lili ndi chimene limakonza ndi chimene limaononga.

Loyamba, lotchedwa EDD, limati itsogole oda imene tsiku lake lopereka lili pafupi. Pa makina amodzi, lamuloli limachepetsa kuchedwa kwa oda yochedwetsetsa. Vuto lake n'lakuti siliona kukula kwa ntchito, moti oda yaikulu imodzi ikatsogola ikhoza kuchedwetsa ang'onoang'ono asanu amene akanatha msanga.

Lachiwiri, SPT, limati itsogole yaifupi. Limachepetsa nthawi imene maoda amakhala mkati mukawatenga onse pamodzi, ndipo mulu umatsika mofulumira. Koma ntchito yaitali imangokankhidwira kumbuyo tsiku ndi tsiku, chifukwa yaifupi yatsopano sisowa. Mukalisankha, ikani malire: oda imene yadikira masiku atatu, mwachitsanzo, ilowe mosaona kutalika kwake.

Lachitatu, CR, limagawa maola ogwira ntchito amene atsala tsiku lopereka lisanafike ndi maola a ntchito imene yatsala pa odayo. Kwatsala maola 40, ntchito yatsala ya maola 50, yankho ndi 0.8. Chilichonse chochepera 1 ndiye kuti mwachedwa kale pokhapokha muonjeze maola kapena mugawe ntchitoyo pa makina awiri. Yotsikitsitsa ndiyo itsogole. Muziwerenganso m'mawa uliwonse chifukwa nambalayi imasintha tsiku lililonse, ndipo m'maola a ntchito yotsala musaiwale kutsuka, kuyeza ndi ntchito ya kunja monga kulimbitsa chitsulo pamoto.

Pa gulu la makina ngati limene tikunenali, chimene chimayenda bwino ndi kusakaniza: maoda onse a CR yochepera 1.2 atsogole motsatira CR, otsalawo asanjidwe motsatira mipeni imene amagawana, ndipo pakati pa ofanana itsogole yaifupi.

Pali nthawi ina imene yankho lenileni limapezeka ndi pensulo, pamene ntchito zonse zimayamba pa makina amodzi n'kupita pa ena, mwachitsanzo lathe kenako makina a milling (ozunguza mpeni, chitsulo chili chomangidwa). Njira yake anaifalitsa S. M. Johnson mu 1954. Tiyerekeze ntchito zisanu, nambala yoyamba ndi mphindi za pa lathe, yachiwiri za pa milling: A 90 ndi 45, B 50 ndi 30, C 40 ndi 25, D 70 ndi 80, E 20 ndi 60.

Yang'anani nambala yaing'ono kwambiri pa zonse khumi. Ikakhala ya pa lathe, ntchitoyo ipite koyambirira. Ikakhala ya pa milling, ipite kumapeto. Ichotseni, mubwereze ndi zotsala. Yaing'ono ndi 20 ya E pa lathe, ndiye E ndi yoyamba. Kenako 25 ya C pa milling, C ndi yomaliza. Kenako 30 ya B pa milling, B ikhale patsogolo pa C. Kenako 45 ya A pa milling, A ikhale patsogolo pa B. D yatsala, itenge malo otsala. Mzere wake ndi E, D, A, B, C.

Mukautsata, lathe imaliza E pa mphindi 20, D pa 90, A pa 180, B pa 230, C pa 270. Milling imaliza E pa 80, D pa 170, A pa 225, B pa 260, C pa 295. Mukanangotsata mmene zinafikira, A mpaka E, milling ikanadikira mphindi 90 isanayambe n'komwe, ndipo E ikanatha pa mphindi 390. Mwapulumutsa mphindi 95 osagula kanthu. Chinsinsi chake n'chakuti ntchito yaifupi pa lathe imadzutsa milling msanga, ndipo yaifupi pa milling imatseka msanga lathe ikamaliza. Dziwani kuti njirayi siona masiku opereka, ndipo imayesa kuti nthawi yotchera sisintha ngakhale mutasintha mzere. Igwiritseni ntchito pa maoda a tsiku limodzi kapena a shifiti imodzi, amene onse akufunika nthawi yofanana.

Gawo 5: Sanjani motsatira magazini ya mipeni

Gawo ili ndilo limasiyanitsa makina odziyendera okha ndi makina wamba, ndipo ndilo limanyalanyazidwa kwambiri. Tinene kuti magazini ili ndi mabowo 60. Ntchito P ikufuna mipeni 24, Q 22, R 26. Zonse pamodzi ndi 72, sizikwana. Koma mukaika mindandanda ya mipeni pambali ndi pambali, mwina mupeza kuti P ndi Q zimagawana mipeni 12, ndiye ziwirizo zikufuna mabowo 34 okha, ndipo patsala 26 oika mipeni ya m'malo. P ndi Q zipite pa makina amodzi, R ipite pa ena. Pangani tebulo la ntchito zonse zobwerabwera losonyeza mipeni imene ntchito ziwiri zilizonse zimagawana, ndipo muzilitsegula musanagawe ntchito.

Powerenga mabowo, kumbukirani kuti mpeni waukulu wosalaza nkhope, monga face mill ya mamilimita 125 kapena 160, m'magazini ambiri umafuna kuti mabowo a mbali zonse ziwiri akhale opanda kanthu. Umodzi umadya atatu. Probe nayo ili ndi bowo lake losasuntha.

Kugawana mipeni kumatheka pokhapokha olemba mapulogalamu atagwirizana. Wina akagwiritsa mpeni wa endmill ya mamilimita 12 yotuluka mamilimita 40 m'chogwirira chake, mnzake ya 12 yomweyo yotuluka 45, kwa makina imeneyo ndi mipeni iwiri. Khazikitsani mipeni 20 kapena 25 yokhazikika, ya manambala ofanana pa makina onse, ndipo pulogalamu yatsopano iyambe yasankha pa imeneyo. Phindu lina ndi lakuti makina amodzi akaonongeka, paleti ikhoza kupita pa ena popanda kusamutsa magazini yonse.

Kenako moyo wa mipeni. Drill yokhala mphindi 45 ikudula, imene imagwira mphindi 3 pa pisi, itha mapisi 15. Oda ya mapisi 120 ikufuna ma drill 8. Funso la wokonza ndandanda ndi lakuti angati mwa asanu ndi atatuwo adzatha pa nthawi imene palibe munthu. Usiku wa mapaleti 8 a mapisi anayi ndi mapisi 32, mphindi 96 zodula. Ma drill awiri atsopano ali ndi mphindi 90, sakwana, ndiye m'magazini mukhale atatu, ndipo kontirola iuzidwe kuti ndi gulu limodzi kuti izisintha yokha. Onaninso kuti mpeni uli ndi moyo wokwanira paleti yonse isanalowe. Kusinthira mpeni pakati pa nkhope yosalala kumasiya kamzere koonekera.

Pali njira ina yotalikitsira moyo usiku. Malinga ndi masamu a moyo wa mpeni a Frederick Taylor, ofalitsidwa mu 1907, pa mipeni ya carbide moyo umayenda pafupifupi ndi mphamvu yachinayi ya kusintha kwa liwiro. Mukatsitsa liwiro lodulira ndi 10 peresenti, moyo wa mpeni umakwera pafupifupi ndi theka, pamene nthawi yodula ya mpeniwo yakwera ndi 11 peresenti yokha. Masana pa makina a pothina simungafune kutaya mphindi zimenezo. Usiku, pamene mpeni wothyoka 11 koloko umaimitsa makina mpaka m'mawa, n'zopindulitsa.

Gawo 6: Gawani za masana ndi za usiku

Usiku umadya mapaleti omangidwa kale, chifukwa womasula palibe. Ngati makina atsala okha maola 10, ndiwo mphindi 600 pa makina amodzi, 1,200 pa awiri. Muli ndi mapaleti 12. Kuti usiku udzaze, paleti iliyonse iyenera kukhala ya mphindi 100 mukazitenga pakati. Mukamanga mapaleti a mphindi 40, onse 12 atha pa maola anayi ndipo makina agona maola asanu ndi limodzi. Choncho ntchito zazitali zisungireni usiku, zazifupi zichitike masana pamene manja omasula alipo. Ngati ntchito zanu zonse ndi zazifupi, gwiritsani ntchito chomangira choimirira cha nkhope zinayi, chimene amisiri amati tombstone, kuti mapisi ambiri akwere pa paleti imodzi.

Kumanga mapaleti a usiku kuyenera kuoneka pa ndandanda ya masana. Mapaleti 12 a mphindi 15 ndi maola atatu a munthu mmodzi pomangira pamodzi. Mukayamba kumanga ola limodzi musanaweruke simutha, komanso mukayamba msanga kwambiri mulanda mapaleti a ntchito za masana. Chimene chimathandiza ndi kusiya mapaleti anayi akuzungulira ndi ntchito zazifupi madzulo, ena asanu ndi atatu akumangidwa, kenako anayiwo amangidwe pomaliza.

Usiku musaike pulogalamu yatsopano kapena imene yangosinthidwa. Iyambe yayenda masana, opareta ali pafupi, ndipo pisi yake yadutsa pa CMM. Pambuyo pa drill yaing'ono iliyonse ndi tap iliyonse, pulogalamu iyeze ngati mpeni uli wathunthu, ndi laser kapena ndi chokhudza, chifukwa drill ikathyokera m'bowo tap yotsatira ithyokeranso momwemo. Kontirola ya gulu lonse itcheredwe kuti ikapeza vuto itulutse paletiyo n'kutenga ina imene sifuna mpeni wothyokawo. M'mzere wa usiku tsogozani ntchito zodalirika, zokayikitsa zikhale kumapeto, kuti zikaimitsa makina zikhale zitataya maola ochepa.

Musanatseke chitseko onani zinthu zitatu zimene siziri pa kompyuta. Bini ya zinyenyeswa: aluminiyamu wosemedwa kwambiri amadzaza bini msanga, ndipo ikadzaza lamba wotulutsa amakakamira. Madzi oziziritsa: mulingo wake m'thanki, ndi kulimba kwake pa refractometer (choyezera kuchuluka kwa mankhwala m'madziwo) motsatira zimene wopanga analemba. Mafuta a njanji za makina. Magnesium, komanso ntchito yodulidwa ndi mafuta okhaokha m'malo mwa madzi, zisatsale zokha ngati makinawo alibe chozimitsira moto chodziyambira chokha. Ndipo ngati mungathe, chitsulo cha cast iron chikhale ndi makina ake. Fumbi lake limasanduka matope m'thanki, limadetsa aluminiyamu, ndipo zinyenyeswa zosakanikirana ogula zitsulo zakale amazigula motchipa.

Gawo 7: Kutentha nako kuli ndi malo pa ndandanda

Miyezo ya pa chojambula imawerengedwa pa madigiri 20. Chitsulo cha steel chimatalika pafupifupi ma micron 11 mpaka 12 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi) pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, aluminiyamu pafupifupi 23. Pisi ya aluminiyamu ya mamilimita 200 ikatentha ndi madigiri 5 imatalika ma micron 23, pamene mpata wonse wololedwa pa bowo la mamilimita 50 la muyezo wothina wotchedwa H7 ndi ma micron 25 okha. Zotsatira zake pa ndandanda ndi ziwiri. Ntchito ya miyezo yothina isakhale yoyamba Lolemba m'mawa makina atazizira. Yambani ndi pulogalamu yotenthetsa spindle, kenako ntchito yosema mwachisawawa, yothinayo ibwere makina atakhazikika. Chachiwiri, pisi yochokera m'madzi otentha otsukira isapite pa CMM nthawi yomweyo. Ikani nthawi yozizira pakati, ndipo nthawiyo makina akhale ndi paleti ina yodula, asamadikire yankho la pisi yoyamba ali chete.

Gawo 8: Siyani malo opanda kanthu

Makina odziyendera okha akhoza kudzitsekereza. Makina amaliza paleti ndipo akufuna kuitulutsa, loboti yanyamula kale ina yoti ilowe momwemo, shelefu yadzaza, malo omangira onse ali ndi mapaleti. Palibe chingasunthe, ngakhale palibe chaonongeka. Mapulogalamu abwino oyendetsa FMS amapewa zimenezi okha, koma zimachitikabe munthu akalowetsa paleti yoonjezera pamanja kapena akasiya paleti pomangira n'kuweruka. Mapaleti onse m'gululo akhale ochepa kuposa malo a pa shelefu, kapena ofanana nawo, osawerengera malo a m'makina ndi a pomangira. Poweruka, pomangira pakhale popanda paleti.

Gawo 9: Khazikitsani ndandanda, ndipo dziwani nthawi yoisintha

Jambulani ndandandayo pa tchati cha Gantt, cha mabokosi osonyeza nthawi ya ntchito iliyonse, mzere umodzi pa makina aliwonse, ina ya pomangira, ya CMM, ndi ya chomangira chilichonse chimene chilipo chimodzi chokha. Mukaona mabokosi awiri atakwerana pa mzere wa chomangira, mwagwira vuto lisanachitike. Kaya tchaticho chili m'pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera ndandanda (APS) kapena pa bolodi la pakhoma, bola aliyense aziona chimodzimodzi.

Maola 24 akubwerawa asasinthidwe, chifukwa mipeni yake yayezedwa kale ndipo mapaleti amangidwa. Masiku atatu kapena anayi otsatira akhoza kusunthidwa ndi wokonza ndandanda yekha. Kupitirira apo n'zongoyerekeza. Wa ku malonda akabwera ndi oda yadzidzidzi, musakane kapena kuvomera musanawerenge. Muuzeni mtengo wake m'maola ndi m'mayina a maoda: kutchera kwa maola awiri, ndipo oda yakuti ndi yakuti zichoka Lachinayi kupita Lolemba. Asankhe iye akudziwa. Oda yadzidzidzi ikhale imodzi pa nthawi, chifukwa zikakhala zisanu zonse zolembedwa kuti n'zachangu, opareta amangodumphadumpha, ichi chakoma ichi chakoma, mpaka pusi agwa chagada.

Makina akaonongeka musagwetse ndandanda yonse. Yambani mwafunsa amakaniko kuti atenga nthawi yaitali bwanji. Ngati ndi yochepera maola awiri, ingosunthani zonse kutsogolo, maola aja munasiya pa Gawo 2 ameza. Ngati ipitirira shifiti, werengani CR ya maoda onse a makinawo, musamutse okhawo amene atsika pansi pa 1, poyamba amene mipeni yawo ili kale pa makina enawo.

Kumene magetsi amazimitsidwa motsatira ndondomeko yolengezedwa, monga zinachitikirapo ku South Africa, ku Zambia ndi ku Malawi, maola ozimawo alembedwe pa tchati ngati nthawi yosamalira makina. Paleti isalowe ngati singathe magetsi asanazime, ndipo siyani mphindi 15 za pakati. Magetsi akazima tap ili m'bowo kapena mpeni wobowola uli pakati pa bowo losalala, kawirikawiri pisiyo yatayika, ndipo akabwera muyeneranso kubwezera makina pa malo ake oyambira ndi kutenthetsa spindle.

Gawo 10: Lembani chifukwa cha kuima kulikonse

Pa sabata tsatani manambala atatu: maola amene spindle inadula pa makina a pothina, maoda amene anatuluka pa tsiku lolonjezedwa, ndi maoda amene ali mkati. Pambali pake, kuima kulikonse kopitirira mphindi 10 kulembedwe ndi chifukwa chimodzi chosankhidwa pa mndandanda waufupi: palibe paleti yomangidwa, mpeni watha, mpeni wathyoka, kudikira CMM, pulogalamu, zinyenyeswa, kuonongeka, magetsi. Musalole mawu akuti "zina", chifukwa theka la kuima konse lidzathera pamenepo.

Lachisanu phatikizani mphindi za chifukwa chilichonse, mutenge chachikulu chimodzi. Chikakhala "palibe paleti yomangidwa", bwererani ku Gawo 6 muone ngati kumanga kwa madzulo kukuyamba pa nthawi yake. Chikakhala "mpeni watha", yerekezani moyo wolembedwa m'kontirola ndi mmene mipeni yochotsedwayo ikuonekera: ikamachoka ikadali yakuthwa, kwezani malirewo ndi 10 peresenti, muyang'anenso pakatha sabata. Nthawi za mapaleti zimene zasiyana ndi zolembedwa ndi mphindi zopitirira zitatu zikonzedwe tsiku lomwelo, ndandanda ya Lolemba isanapangidwe.